Pulojekita ya Chaka cha Mawa

Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi ku hositelo wakhala akusunga ndalama ya pulojekita kuyambira tili m'chaka chachiwiri. Maganizo ake ndi omveka. Kwawo, pa tiredingi senta, pali kaholo kamene mwini wake amachititsa lendi, ndipo iye akufuna kuti patchuthi azionetsamo mpira ndi mafilimu, anthu azilipira kangachepe pakhomo, iye apezepo ya fizi. Ndalamayo inakwanapo kamodzi, koma sanagule. Ogasiti akamapita kumapeto amandiuza kuti, "Aise, tidikire kaye Seputembala," poti ndi nthawi imene makampani amaonetsa zatsopano ku IFA ku Berlin ndi ku CEDIA ku America. Seputembala akadutsa timadikira Januwale, chifukwa kuli CES ku Las Vegas. Nthawi zonse amakhala ndi mphekesera yatsopano: ati ikubwerayo idzakhala ya laser ya mitundu itatu, ati idzawala kuwirikiza kawiri, ati 8K itsika mtengo, ati yatsopanoyo ikangotuluka yakaleyi azidzaigulitsa motaya.

Ine za mawaya sindizidziwa, ndimaphunzira mbiri. Nditatopa ndi mikangano ya usiku, ndinakafufuza kuti anthu amene anadikirapo kale "ya chaka cha mawa" zinawathera bwanji. Ndinapeza kuti kudikira kumeneku kwatha zaka zoposa 100, ndipo si onse odikira amene anali opusa. Ena anapindula nako ndithu. Koma pali kachitidwe kena kamene kamangobwerezabwereza, ndipo ndikuganiza kuti mnzangayu sanakaone.

Tiyambire pafupi ndi kwathu. Mu Januwale 1854 David Livingstone anafika kwa Shinte, mfumu ya Alunda, kufupi ndi malire a kumpoto chakumadzulo kwa dziko limene lero ndi Zambia. M'katundu wake munali magic lantern, bokosi lokhala ndi nyali mkati ndi galasi kutsogolo, limene limaponya pakhoma chithunzi chopentedwa pa kagalasi. Chipangizochi chinali chakale kale ngakhale nthawi imeneyo, pakuti Christiaan Huygens wa ku Holland anali atachijambula cha m'ma 1659. Livingstone akufotokoza m'buku lake la 1857 kuti anaonetsa chithunzi cha Abrahamu atakweza mpeni pa Isake, ndipo pamene ankasuntha kagalasiko, mpeni uja unaoneka ngati ukulunjika kwa amayi amene anakhala mbali imeneyo, iwo n'kumwazikana. Nkhaniyi anthu amakonda kuisimba ngati yoseketsa. Ine chimene chimandikoka ndi Shinte. Iye sanasunthe, ndipo chionetsero chitatha anapita kukaliyang'anitsitsa bokosilo kuti aone mmene likugwirira ntchito. Ndiye kuti funso loti "kodi mkatimu muli chiyani" ndi lakale m'dera lathu kuposa yunivesite iliyonse imene tili nayo.

Zithunzi zoyenda zinabwera pambuyo pake. Abale a Lumière anaonetsa kanema kwa anthu olipira ku Paris pa 28 Disembala 1895, koma kanemayo sakanalowa m'nyumba ya munthu pa chifukwa chimodzi chachikulu: moto. Filimu ya nthawi imeneyo inali ya nitrate, imene imayaka mwaukali ndipo ndi yovuta kuzimitsa, pamene nyali ya pulojekita inali lawi lenileni. Pa 4 Meyi 1897, pa msika wopezera ndalama zachifundo wa Bazar de la Charité mumzinda womwewo wa Paris, moto unabuka pa nyali ya pulojekita ndipo anthu oposa 120 anafa, ambiri mwa iwo amayi. Choncho chinthu choyamba chimene okonda kanema wa panyumba anachidikira chinali filimu yosapsa msanga. Chinabweradi. Mu 1912 kampani ya Pathé inatulutsa Pathé Kok, yogwiritsa ntchito filimu ya 28mm yosayaka ngati nitrate, ndipo chaka chomwecho Edison anatulutsa Home Kinetoscope yake. Amene anadikira pa nthawi imeneyo anachita bwino, chifukwa kugula msanga kukanatha kutentha nyumba. Pamenepa ndinamuvomereza mnzanga uja.

Koma taonani mtengo. Pathé Baby ya 9.5mm inatuluka mu 1922, ndipo mu 1923 Kodak inabweretsa 16mm. Kamera, pulojekita, chinsalu ndi zina zake pamodzi zinali pa madola 335, ndalama yoyandikana ndi mtengo wa galimoto ya Ford Model T ya nthawi imeneyo. Munthu wamba anadikira zaka 9 kuti zimufikeko, ndipo chimene chinatsitsa mtengo chinali umphawi umene unagwa ku America chuma chitasokonekera mu 1929: mu 1932 Kodak inatulutsa 8mm, imene kwenikweni inali filimu ya 16mm yojambulidwa mbali ziwiri kenako n'kuing'amba pakati. Chithunzi chinachepa ubwino, koma anthu ambiri anayamba kukwanitsa. Super 8 inadza mu 1965, filimu ili kale m'kabokosi kongolowetsa m'kamera, ndipo ya mawu inatsatira mu 1973. Tangoganizani, kabokosi kamodzi kankatenga kanema wa mphindi zitatu ndi pang'ono basi. Amene ankafuna kuonera filimu ya ku Hollywood kunyumba kawirikawiri ankagula yodulidwa, ya mphindi zowerengeka, nkhani yonse itafinyidwa ngati nsima ya mwana wasukulu wochedwa belu.

Ndiye panali chinthu chimene aliyense ankachilakalaka: kujambula n'kuonera pompopompo, osatumiza filimu kuti akaitsuke n'kudikira masiku. Polaroid inagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndipo mu 1977 inatulutsa Polavision. Inkachitadi zimene analonjeza. Tsoka lake, Betamax inali itatuluka kale mu 1975 ndi VHS mu 1976, tepi yotenga maola, ya mawu, yofufutika n'kujambulanso. Polavision inafa pasanathe zaka zitatu, kampani itataya ndalama zankhaninkhani. Anthu ankayang'ana khomo la kutsogolo kudikira filimu yabwinoko, pamene wolowa m'malo analowera kuseri.

Kuno kwathu pulojekita inabwera pa lole. Pakati pa 1935 ndi 1937 panali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene ankaiyendetsa L. A. Notcutt ndi G. C. Latham ndi ndalama za Carnegie Corporation. Anapanga mafilimu 35 pa 16mm, yomwe ija ya Kodak, n'kumayenda nawo mu Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Nkhani zake zinali za ulimi, ukhondo, msonkho ndi kusunga ndalama ku positi ofesi. Kuyambira 1948 mpaka 1963 Central African Film Unit, imene likulu lake linali ku Salisbury, inapitiriza ntchito yotereyi m'maiko atatu amene pambuyo pake anamangidwa m'chitaganya, ndipo mafilimu ake ambiri ankaonetsedwa ndi munthu woima pambali akumasulira m'chinenero cha anthuwo. Chipangizo chimene ku America bambo ankaonetsera ana ake za tchuthi, kuno chinali cha boma ndi a mishoni, ndipo ndi iwo amene ankasankha chimene anthu aonere. Titalandira ufulu magalimoto a zaulimi anapitiriza kuyenda ndi makanema m'midzi, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino inatsegulidwa mu 1999, mochedwa kwambiri poyerekeza ndi maiko otizungulira. Mpata umene unatsala anaudzaza anyamata a mavidiyo sho, ndi TV yawo, deki ndi sipika yopokosera msika wonse.

Ndatalikitsa mbali imeneyi dala. Mnzanga amawerenga nkhani zolembedwera munthu wa ku Ulaya kapena ku America amene ali ndi chipinda chapadera m'nyumba mwake, chopentedwa chakuda, chokhala ndi mipando iwiri. Iye sali mumzere umenewo. Mzere wake ndi wa lole ija ndi vidiyo sho, anthu 60 pa mabenchi, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti tsopano wogwira chipangizo ndi kusankha kanema akhoza kukhala mwana wa m'mudzi momwemo. Kwa ine chimenechi n'chachikulu kuposa nambala iliyonse yolembedwa pa katoni, ndipo chaka chilichonse chimene akudikira, holo ija imangokhala yosungiramo matumba a chimanga.

Pulojekita zoonetsa TV ndi vidiyo zili ndi mbiri yakeyake. Mu 1972 Henry Kloss wa kampani ya Advent ku America anatulutsa VideoBeam 1000, chimphona chokhala ndi machubu atatu, lofiira, lobiriwira ndi labuluu, amene ankayenera kulunjikitsidwa bwinobwino kuti mitundu igwirizane. Chinsalu chake chinali cha mafiti 7, mtengo pafupifupi madola 2,500, ndipo kuwala kwake kunali kofooka moti popanda mdima chithunzi chinkangoti mbuu. Mu 1987 Larry Hornbeck wa ku Texas Instruments anapanga kachipangizo ka timagalasi ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, kagalasi kalikonse kotha kupendekeka kambirimbiri pa sekondi, ndipo umenewu ndiwo mtima wa DLP. Koma pulojekita za DLP zinafika pamsika mu 1996, patapita zaka 9. Epson inatulutsa ya LCD, VPJ-700, mu 1989. Zimene timaziona m'makalasi mwathu, zija zimatenga theka la phunziro aphunzitsi akulimbana ndi chingwe, ndi zidzukulu za ziwirizi.

Apa ndi pamene kachitidwe kaja kamaonekera bwino. Mu 2003 Sony inatulutsa Qualia 004, yoonetsa 1080p, kutanthauza timadontho pafupifupi 2 miliyoni pa chithunzi, pa madola 30,000. Mu 2005 inatulutsa VPL-VW100 pa madola 10,000, ndipo mu 2006 VPL-VW50 pa madola 5,000. M'zaka zitatu mtengo unagwa kasanu ndi kamodzi. Nkhani ya 4K, ya timadontho toposa 8 miliyoni, inayenda chimodzimodzi koma pang'onopang'ono. Sony inalengeza VPL-VW1000ES mu 2011 pa madola 25,000. JVC chaka chomwecho inabweretsa njira yotchedwa e-shift, imene imatenga chithunzi cha 1080p n'kuchisuntha pang'ono mothamanga kwambiri kuti diso lione ngati timadontho tachuluka. Okonda JVC anakhala akuyembekeza 4K yeniyeni chaka ndi chaka, ndipo inafika mu 2016 pa madola 35,000. Yotsikirapo mtengo inalengezedwa mu 2018. Ya 4K yosakwana madola 2,000, monga Optoma UHD60, inabwera mu 2017, nayonso yodalira njira yosuntha timadontho.

Werengani manambalawa kachiwiri. Mphekesera zambiri sizinali zabodza, chinthu cholonjezedwacho chinkafikadi. Koma chikafika chinkafika pa mtengo wa galimoto, monga mu 1923, ndipo chinkatenga zaka zitatu kapena zisanu ndi chimodzi kuti chitsikire kwa munthu wa ndalama zapakatikati ku America, osanena za wophunzira wa ku Malawi. Zimene azilengeze mu Seputembala uno si zimene mnzanga adzagule. Iye adzagula zimene zinalengezedwa zaka zisanu zapitazo, ndipo zimenezo zili kale m'sitolo.

Zina zinkafika n'kufa. Filimu ya Avatar itatuluka mu Disembala 2009, mu 2010 kampani iliyonse inkafuula za 3D, ndipo panali anthu amene anasiya kugula pulojekita yabwino podikira ya magalasi ovala kumaso. Pofika 2017 makampani akuluakulu a TV anali atasiya kupanga za 3D. Ndikamva za 8K lero ndimakumbukira zimenezi, makamaka poti mpira umene mnzanga akufuna kuonetsa sufika pa dishi mu 8K, ndipo munthu wokhala pa benchi yachisanu sangasiyanitse ngakhale 4K ndi 1080p.

Kusintha kumene kunatifikiradi ife kunachokera kumene okonda kanema sankayang'anako. Kwa zaka zambiri vuto la pulojekita linali babu. Babu la UHP, limene Philips inatulutsa mu 1995, lili ndi mercury mkati, limatentha kwambiri, limazilala pang'onopang'ono ndipo limatha pakangopita maola masauzande ochepa. Silikondanso kuzimitsidwa mwadzidzidzi, fani isanalizizire, ndipo aliyense wokhala kuno akudziwa kuti magetsi satsanzika pochoka. Mu 1993 Shuji Nakamura, akugwira ntchito ku Nichia, kampani yaing'ono ya ku Japan, anapanga LED ya buluu yowala kwambiri. Iye pamodzi ndi Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa cha ntchito imeneyi. Palibe mwa iwo amene ankaganiza za sinema ya panyumba. Koma popanda buluu simungapeze kuwala koyera, ndipo kuchokera pa ntchito yawoyo kunabwera mababu a LED a m'nyumba mwathu, tochi ya pafoni, ndi laser ya buluu. Casio inatulutsa pulojekita yophatikiza laser ndi LED, yopanda babu la mercury, mu 2010. Lero za laser zimalonjeza maola pafupifupi 20,000, zimayaka nthawi yomweyo, ndipo timapulojekita ta LED tina timatha kuyendera batire ya sola. Kwa munthu wa pa tiredingi senta, amene babu likapsa ayenera kuitanitsa lina kunja n'kudikira milungu, kusintha kumeneku n'kofunika kuposa timadontho, ndipo kunachitika kale.

Pali chinanso chimene mbiri yaposachedwa imachenjeza. Nambala ya kuwala, ma lumens, ndi imene amalonda amanamizira nayo kwambiri. Pali muyezo wa ANSI, umene umayeza kuwala pa malo 9 a chinsalu n'kupeza pakatikati pake, koma timakatoni tambiri totchipa timangolemba nambala yaikulu popanda kunena muyezo. Epson yakhala ikusumira makampani angapo ku America pa nkhani imeneyi, ndipo ena anavomera kutsitsa manambala awo. Choncho mphekesera ikati "idzawala kuwirikiza kawiri", funso ndi lakuti, kawiri poyeza ndi chiyani?

Makampani nawo amadziwa mphamvu ya kudikira. Mu 1983 Adam Osborne, mwini wa kampani ya makompyuta onyamula m'manja, analankhula za makina atsopano asanakonzeke, ogulitsa anasiya kuitanitsa akalewo, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho kampaniyo inagwa. Akatswiri a mbiri amatsutsana ngati chimenecho ndicho chinaigwetsadi, ena amaloza mpikisano wa Kaypro ndi kayendetsedwe koipa, komabe dzina lakuti Osborne effect linakhazikika ndipo aliyense wa zamalonda amalidziwa. Maganizo anga ndi akuti makampani a lero anaphunzira kuyeza mlingo: nkhani ituluke yokwanira kuti musagule ya mnzawo, koma isachuluke mpaka musiye kugula yawo. Mawonetsero a Seputembala ndi Januwale ali pa kalendala ya ogulitsa, yoyang'ana Khirisimasi ndi chaka chawo cha malonda. Tchuthi cha mnzanga sichili pa kalendala imeneyo.

Ndipo pali kalendala ina imene olemba za pulojekita kunjako saidziwa n'komwe. Munthu wa ku Berlin akadikira chaka, ndalama yake imakhala pafupifupi momwemo, pamene mtengo wa chipangizo watsika. Ife timasunga makwacha n'kugula ndi madola. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chinthu cha madola 500 chimene chinali K590,000 chinadzuka chili K850,000, tisanaikepo msonkho ndi mayendedwe. Ndinanena kuti ndalama ya mnzanga inakwanapo kamodzi. Inakwana mu Okutobala chaka chimenecho, ndipo iye anati tidikire Januwale. Pulojekita imene ankaifuna inatsikadi mtengo m'madola monga ananenera, koma m'makwacha inamuthawa, ndipo mpaka lero akuithamangitsa. Sindikumuseka, chifukwa inenso ndinamuvomereza nthawi imeneyo.

Patchuthi chapitachi ndinapita naye kwawo kukaona holoyo. Ili ndi mawindo anayi opanda makatani, denga la malata lopanda siling'i, ndi mpata pakati pa khoma ndi denga umene dzuwa limalowerapo ngati laitanidwa. Ndinamukumbutsa kuti masewero a ku England a 3 koloko amayamba 4 koloko kuno miyezi yoyambirira ya ligi, dzuwa lili phwee. Pulojekita siitha kuponya mtundu wakuda, chakuda chimene mumaona pa chinsalu ndi mdima wa m'chipindamo basi, ndipo vuto limeneli Henry Kloss anali nalo mu 1972, Livingstone anali nalo kwa Shinte. Tinayeza mawindo ndi chingwe. Tsiku la msika anagula nsalu yakuda yokhuthala mamita 14, telala wa pakhonde n'kutisokera, ndipo mpata wa kudenga tinautseka ndi makatoni. Titatseka chitseko masana, sindinathe kuona dzanja langa. Khoma la kutsogolo tinalipaka laimu kawiri.

Pulojekita sanagulebe. Msuweni wake akubwera kuchokera ku Johannesburg mu Disembala ndipo wamutumizira kale dzina la ina ya 1080p, ya laser, imene inatuluka zaka zingapo zapitazo. Koma dzulo usiku, nditazimitsa nyali, ndinamva akundiitana chapansipansi kuchokera pa bedi lake, foni ikumuwalira kumaso: "Aise, wagona? Ati Januwale kukutuluka ina."